ULENDO WA BANJA WOKAONA NYAMA KU NKHALANGO: ZA KASHEMBE NDI MATENDA ENA

Kale kukaona nyama za m'tchire kunali kwa alendo ochokera kunja okha. Masiku ano mwana amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London akabwera kumudzi pa tchuthi, nthawi zina amatenga makolo ake, mkazi wake ndi ana kukagona usiku umodzi kapena uwiri m'nyumba za alendo za m'kati mwa nkhalango, monga Mvuu ku Liwonde kapena Mkulumadzi ku Majete. Nyumba zimenezi ndi zodula kwambiri. Mlendo amagona pofewa, amadya zonona, ndipo m'mamawa ndi madzulo amakwezedwa pa galimoto lopanda mazenera kukaona nyama.

Nyamazo zilipodi. Mikango, imene idatheratu, idabwezedwa ku Majete m'chaka cha 2012 ndi ku Liwonde m'chaka cha 2018. M'zaka za 2016 ndi 2017 njobvu pafupifupi 500 zidasamutsidwira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Ndi chinthu chokoma kuti mdzukulu aone ndi maso ake njobvu imene amangoimva m'nthano za agogo ake.

Komatu ntchentche siidziwa kuti munthu walipira ndalama zingati. Imaluma mlendo wolemera, imalumanso wophika, wochapa zobvala, mlonda, ngakhalenso mayi wa m'mudzi wa m'malire amene wapita kukatola nkhuni. Motero phunziro lino ndi la onsewa.

KASHEMBE NDI MATENDA A KAODZERA

Kashembe ndi ntchentche yotuwa, yokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya panyumba. Ikatera imapinda mapiko ake limodzi pamwamba pa linzake, ndipo kukamwa kwake kuli kamlomo kosongoka ngati singano. Imaluma masana, osati usiku monga udzudzu, ndipo wolumidwa amadzidzimuka ngati waotchedwa ndi khala la moto. Chakudya chake ndi magazi a nyama monga mbawala, njiri ndi njati. M'magazi a nyama zina muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene sitidwalitsa nyamazo, koma kashembe akatiyamwa n'kukatilavulira mwa munthu, timayambitsa matenda a kaodzera. Mtundu wa tizilombo umene uli m'dziko muno udazindikirika m'chaka cha 1910 m'magazi a munthu amene adautenga m'chigwa cha Luangwa, ku Zambia. Ndi mtundu wachangu: popanda mankhwala umapha m'miyezi yochepa, nthawi zina m'masabata chabe.

Si kashembe aliyense amene ali ndi tizilomboti. Ambiri alibe, kotero kuti kulumidwa kamodzi si chifukwa chosiyira ulendo pakati. Koma matendawa alipo, makamaka m'midzi yozungulira Vwaza ku Rumphi, ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Kasungu. M'zaka za 2019 ndi 2020 odwala adachuluka kufika pafupifupi 90 pa chaka m'dziko lonse.

Chizindikiro choyamba chimaoneka pakapita masiku 5 mpaka 15. Pamene padalumidwa pamatuluka chotupa chofiira, cholimba ndi chowawa, chonga chithupsa chosatulutsa mafinya, ngakhale kuti si onse amene chimawatuluka. Kenaka thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa, molumikizira mafupa mumaphwanya, ndipo ena amachita mwanabere. Apa ndiye pagona bvuto lalikulu, chifukwa zonsezi ndi zofanana ndi malungo. Banja limagula mapiritsi ku golosale, wodwala amapezako bwino masiku awiri, kenaka thupi litenthanso. M'menemo tizilombo tikulowerera. Tikafika ku ubongo munthu amasinza masana n'kumakhala maso usiku, amalankhula zosadziwika, amakwiya popanda chifukwa, amadzandira poyenda, ndipo potsiriza amakomoka osadzukanso. Abale ena poona izi amati munthu walodzedwa kapena wachita misala, ndipo amayamba kuyenda naye mwa asing'anga. Masiku otayika moteremu ndi amene amapha wodwala.

Kaodzera amachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Kwa zaka zambiri kudali jakisoni yekha: suramin kwa amene matenda angoyamba, ndi melarsoprol kwa amene afika ku ubongo. Wachiwiriyu ndi woopsa, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa odwala 20 olandira mankhwalawa ankafa ndi mphamvu ya mankhwala omwewo. Tsopano kuli mapiritsi otchedwa fexinidazole, amene adayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo adabvomerezedwa m'Malawi mu 2024. Wodwala amamwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, atadya chakudya chokwanira, moyang'aniridwa ndi a chipatala. Koma mwana wosakwana zaka 6, kapena wosalemera makilogalamu 20, sapatsidwa mapiritsiwa. Iye amalandirabe jakisoni wakale uja. Makolo onyamula ana aang'ono kupita nawo ku nkhalango ayenera kuganizira bwino mfundo imeneyi.

Katemera wa kaodzera kulibe. Chitetezo chagona pa zobvala ndi pa khalidwe. Kashembe amakopeka ndi nsalu yabuluu ndi yakuda, ndiponso ndi chinthu chachikulu choyenda monga galimoto. N'chifukwa chake oyendetsa alendo amabvala khaki. Mayi amene wasungira ulendowu chitenje chatsopano chabuluu achisiye m'sutikesi, adzachibvale pa ukwati. Malaya akhale a manja aatali ndi a nsalu yochindikala, popeza kamlomo kaja kamaboola nsalu yopyapyala. Mwana wa kumsana afunditsidwe miyendo ndi khosi, pakuti iye sangathe kuingitsa ntchentche. Mafuta odzola othamangitsa udzudzu sagwira ntchito kwenikweni pa kashembe. Podutsa m'thengo lowirira pa galimoto la mazenera, mazenerawo atsekedwe.

M'mbali mwa misewu ya m'nkhalango zina mumaoneka nsalu zabuluu ndi zakuda zokolekedwa pa mitengo. Imeneyi ndi misampha ya kashembe, ndipo ndi yonyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo. Wotenga nsalu yotere kukasoketsa malaya watenga poizoni, ndipo watsekulira ntchentche njira yopita kumudzi kwake komwe.

MALUNGO

Malungo ndiwo amadwalitsa anthu ochuluka kuposa kaodzera. Liwonde ndi Majete zili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kotentha ndi kochuluka udzudzu, ndipo nthawi imene alendo amakhala panja kuotha moto ndi kumvera kulira kwa mvuu ndi yomweyo imene udzudzu umayamba kuluma. Aliyense agone m'neti, ndipo mayi aonetsetse kuti netiyo siinang'ambike ngakhale chipindacho chikhale chokongola chotani.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 5, ndi mdzukulu wobadwira kunja kumene kulibe malungo. Thupi la mdzukulu wotereyu silinakumanepo ndi matendawa, ndipo malungo amene agogo ake angawapirire masiku atatu angathe kumupha iye. Ngakhale bambo wake amene adakulira kumudzi, ngati wakhala kunja zaka zambiri, mphamvu yake yolimbana ndi malungo idachepa. Anthu otere ayenera kuonana ndi dokotala asananyamuke kuti awapatse mapiritsi oteteza. Katemera wa malungo, amene adayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2019, amachepetsa matendawa koma salowa m'malo mwa neti.

NYAMA ZENIZENIZO

Nyumba zambiri za alendo zilibe mpanda. Usiku mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya msipu pakhomo penipeni, n'chifukwa chake mlendo saloledwa kuyenda yekha mumdima popanda mlonda. Mvuu imaoneka yaulesi koma imathamanga kuposa munthu. Mwana asasewere m'mphepete mwa mtsinje, ndipo pa bwato asabviike dzanja m'madzi, chifukwa cha ng'ona. Kusamba m'madzi odikha kumabweretsanso likodzo.

Anyani ndi apusi ozolowera anthu amalanda chakudya m'manja mwa ana, ndipo amaluma. Bala la kulumidwa ndi nyama iliyonse litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite ku chipatala tsiku lomwelo kuti a chipatala aone ngati akufunika katemera wa chiwewe. Nyama yofa yokha isadyedwe, ngakhale kusendedwa. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zidafa ku Liwonde ndi matenda a anthrax, amene amagwiranso munthu wokhudza kapena kudya nyama yotere.

POBWERERA KUMUDZI

Matenda ambiri a ku nkhalango amaonekera ulendo utatha. Wina m'banjamo akatentha thupi m'masabata otsatira, apite ku chipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi. Kachipangizo koyezera malungo pa chala sikaonetsa kaodzera. Tizilombo take timaoneka pokhapokha magazi akaunikidwa pa makina a mu labotale, ndipo dokotala sangaganize zowaunika ngati sanauzidwe kumene wodwala adapita. Tsono wodwala, kapena womuperekeza, anene momveka dzina la nkhalango, tsiku limene adapitako, ndiponso ngati adalumidwa ndi kashembe, ndipo aonetse chotupa chilichonse, ngakhale chili pobisika. Ngati malungo sanapezeke koma thupi likutenthabe, kapena wamwa LA masiku atatu osapeza bwino, abwererenso msanga ndi buku lake la ku chipatala ndi kupempha kuti amutumize ku chipatala chachikulu cha boma. Ana obwerera kunja nawonso makolo awo akauze dokotala wa kumeneko kuti adali ku nkhalango ya ku Malawi, popeza madokotala ambiri a kumeneko sanaonepo kaodzera.