Kwa Azakhali: Amuna anga atha maphunziro onse okha

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Migowi kuno ku Phalombe. Amuna anga ndi tcheyamani wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chiwasankhireni, bungwe lililonse likaitana anthu ku maphunziro amapita ndi iwo. Malaya olembalemba adzaza chikwama, masatifiketi ali mbwee pakhoma. Anzawo a m'komiti ayamba kunyanyala, akuti ntchito ndi ya tonse koma alawansi ndi ya mmodzi. Bambowo akuti anthuwo ndi ansanje. Wolakwa ndani?

Mayi wothedwa nzeru, Migowi

Mwana wanga,

Uyambe wandiperekera moni kwa mkamwini wangayo, pulofesa wa Fanta ndi mabanzi. Malaya onsewo amavala tsiku limodzi, kapena ena wayamba kusefera thobwa?

Tsono tikambe zoona. Iwe ukudziwa kumene unabadwira. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yaikulu ngati nyumba, n'kukokolola midzi ndi anthu omwe. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Tisanapume, mu Malichi 2023 Freddy anafika, ndipo anthu a kwa Nkhulambe anakhala masiku ambiri misewu itaduka, thandizo likulephera kuwapeza. Madzi saiwala khwawa, mwana wanga. Komiti imene akutsogolera amuna akowo inakhazikitsidwa chifukwa cha misozi imeneyi, ndipo nthambi ya boma ya DoDMA imadalira makomiti otere chifukwa madzi akafika usiku, woyamba kuthandiza ndi mnansi. Galimoto ya ku boma imadza pambuyo.

Ndiye undifunsire mkamwiniyo mafunso awa, uku ukumupakulira kalongonda kuti asakwiye. Mvula itagwa masiku atatu osakata iye ali ku maliro ku Chiringa, ndani adzaimbe wenzulo? Ndani akudziwa nyumba zimene muli agogo osatha kuthamanga, amayi oyembekezera ndi anthu olumala? Ndani angamange bala la munthu wogweredwa khoma? Akayankha kuti "zonsezo zili m'kope langa," umuuze kuti kope silisambira.

Anzakewo usawanyoze. Munthu wasiya nandolo wake kumunda, wabwera kudzagwira ntchito yopanda malipiro, ndiye chimene angapindule ndi luso basi. Ukamumana lusolo wamusiyira chiyani? Kunyamula mipando pamsonkhano? Ngakhale ine ndikananyanyala, ndipo ndikanapita ndi mpando womwewo.

Mankhwala ake ndi awa. Kalata ya maphunziro ikabwera iwerengedwe pagulu, ndipo anthu azipita mosinthana. Amayi ndi achinyamata asaiwalidwe, chifukwa achinyamata ndiwo ali ndi miyendo komanso mafoni olandirira uthenga wa zanyengo. Wopitayo akabwerako, sabata isathe asanasonkhanitse anzake pansi pa mtengo wa mango n'kuwaphunzitsa ndi manja, aliyense ayese yekha mpaka akhoze. Aliyense akhalenso ndi gawo lake lodziwika: uyu woyang'ana mtsinje, uyu wa chimkuzamawu, uyu wa kaundula wa mabanja, uyu wolondolera anthu kumtunda.

Kenaka mwezi wa Okutobala, kunja kukadali gwa, apemphe amfumu kuti mudzi wonse uyeserere kuthawa. Wenzulo ilire, anthu ayende mpaka kusukulu kapena kutchalitchi kumene munagwirizana. Mudzaseka tsiku limenelo! Wina adzathawa ndi nkhuku kusiya mwana, wina adzabwerera kukatenga wailesi. Sekani ndithu, n'kukonza zolakwikazo dzuwa likuwala.

Za alawansi usandinamize, ndikudziwa kuti shuga amene ali m'kabatimo anachokera komweko, n'chifukwa chake kalata yako yafunsa mwaulemu chonchi. Tiyi wa shuga ndi wokoma, koma utcheyamani wa munthu umaoneka pamene iye palibe ntchito n'kumayendabe.

Wolakwa ndi mkamwini wanga, ndipo iwe ndiwe wachiwiri wake chifukwa malaya aja umawasita ndiwe. Maphunziro akubwerawo apite wina. Pulofesa atsale pakhomo, akwere padenga akonze modontha muja mvula isanagwe.

Ndine,
Azakhali ako