Kuzonda ndi Kujambula Akadzidzi M'nyengo Yachisanu ku England

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mtima wagunda kale poona dzina la mbalameyi pamwambapa. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amati kugwa maliro, ndipo ana amathamangira miyala. Koma ku England kuli anthu amene amasiya moto m'nyumba, kuvala majekete awiriawiri, ndi kukaima m'dambo lozizira maola atatu pofuna kungomuona kadzidzi ndi kumujambula. Ine ndakhala ndikutsagana nawo anthu amenewa m'midzi ya m'chigawo cha Norfolk, kum'mawa kwa dzikolo, ndipo m'phunziro lino ndifuna kukufotokozerani mmene ntchitoyi imayendera.

Tiyambe ndi funso ili: kodi n'chifukwa chiyani anthuwa amasankha nyengo yachisanu? Kumeneko chisanu chimakula kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene kwathu kuli mvula ndi kupalira. Mitengo yambiri imayoyola masamba, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Mtengo wopanda masamba subisa mbalame, zimenezo n'zoona. Koma chifukwa chachikulu ndi njala.

Taganizirani za kadzidzi wa nkhope yoyera, amene Angerezi amamutcha barn owl. Mtundu womwewu ulipo ngakhale kuno kwathu, umagona m'madenga a nyumba zikuluzikulu. Mukamuona akuuluka amaoneka wamkulu, koma zambirizo ndi nthenga chabe. Amalemera pafupifupi magalamu 330, ndiye kuti akadzidzi atatu ndiwo angafanane ndi paketi imodzi ya shuga. Mafuta m'thupi mwake ndi ochepa, motero sangathe kukhala masiku ambiri osadya. Tsiku lililonse amafuna mbewa zitatu kapena zinayi, makamaka mbewa za mchira waufupi zimene zimayenda m'tinjira ta pansi pa udzu.

Tsono kadzidziyu amasaka ndi makutu koposa maso. Khutu lake lakumanzere lili m'mwamba pang'ono kuposa lakumanja, ndipo nkhope yake yonga mbale ija imasonkhanitsa phokoso ndi kulitumiza m'makutumo. Katswiri wina wa ku America, Roger Payne, anaika akadzidziwa m'chipinda cha mdima wandiweyani naona kuti ankagwirabe mbewa pongomva kutswatswata kwa masamba ouma. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1971. Kuti amve bwino, iye mwini ayenera kuuluka mopanda phokoso, n'chifukwa chake nthenga zake n'zofewa ngati thonje. Koma apa ndi pamene pagona tsoka lake. Nthenga zofewazo zimamwa madzi ngati bulangeti, kotero mvula ikamagwa sangathe kusaka. Mphepo ikakula imaphimba phokoso la mbewa. Chipale chikagwa chambiri mbewa zimayenda pansi pake osatulukira.

Usiku uwiri wa mvula ukadutsa, kadzidzi amatuluka dzuwa likali m'mwamba, popeza sangathe kudikira mdima. Imeneyo ndiyo nthawi imene ojambula amakondwa. Koma wojambula aliyense ayenera kudziwa kuti kadzidzi amene akumuona 2 koloko masana nthawi zambiri ndi kadzidzi wa m'mimba mopanda kanthu. Mbewa imodzi imene angaiphonye kaamba ka munthu wa kamera ikhoza kukhala ija ikanamufikitsa mawa. Izi si nkhambakamwa ayi. Mu Malichi 2013 kunazizira modabwitsa ku Britain, akadzidzi oyerawa anafa ambiri, ndipo chaka chimenecho zisa zambiri zinakhala zopanda ana.

Alipo kadzidzi wina wa maso achikasu, wotchedwa short-eared owl. Ena a mtunduwu amachokera ku Scandinavia ndi ku Russia, kuwoloka nyanja ya North Sea m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi kudzakhala m'madambo a m'mphepete mwa nyanja. Ameneyu amasaka masana mwa chikhalidwe chake, ndipo amagona pansi m'udzu wautali. Ine ndimamukonda kuposa onse chifukwa cha kaulukidwe kake, amangoyandama pamwamba pa bango ngati gulugufe wamkulu.

Nanga mungamupeze bwanji kadzidzi? Funani kaye kumene kuli mbewa. Mnyamata aliyense amene anakumbako mbewa m'mwezi wa Julaye phunziro ili alidziwa kale. Munda wolimidwa bwino kapena busa limene nkhosa zadya mpaka kumeta mulibe kanthu. Pitani kumene udzu wakhala zaka osatchetchedwa, m'mbali mwa ngalande ndi m'tsinde mwa mipanda ya zitsamba. Kenaka yang'anani mizati ya mpanda imene ili ndi zitosi zoyera ngati laimu. Pansi pake, kapena m'khola lakale, mukhoza kupeza timibulu takuda tofanana ndi chala chachikulu. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, ndipo ubweya ndi mafupa amazilavula pambuyo pake zili kambulu kamodzi. Mukakaviika m'madzi ndi kukaphwasula ndi kamtengo, mudzawerenga timitu ta mbewa zimene anadya. Amene mukuchita Biology, ili ndi phunziro labwino zedi la mmene zamoyo zimadyerana, ndipo mungalichite ngakhale kuno. Musaiwale kusamba m'manja.

Malo mukawapeza, fikani msanga, cha m'ma 1 koloko, mbalame isanatuluke. Imani pamene thupi lanu silionekera patali, monga pafupi ndi chitsamba kapena chipata, ndipo musachokepo. Ena amakhala m'galimoto ndi kutsitsa galasi, popeza mbalame siiopa galimoto yoima monga iopera munthu. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mphepo nayo ikakhala kumbuyo kwanu ndi bwino koposa, chifukwa kadzidzi posaka amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, motero nkhope yake idzalunjika kwa inu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ena ndimabwerera kunyumba zala zitauma, chithunzi ndilibe ngakhale chimodzi.

Za kamera sindichulukitsa. Pafunika lenzi yokoka zinthu zakutali, ya mamilimita 400 kapena kuposa, kuti musafunenso kuyandikira. Kamera itseke msanga, pa 1/1000 ya sekondi, apo ayi mapiko adzatuluka ngati utsi. Popeza kuwala kumakhala kochepa, kwezani ISO ifike pa 1600 kapena 3200. Lunjikani pa diso la mbalame. Batire yapadera isungeni m'thumba la mkati mwa jekete, chifukwa chisanu chimamaliza batire msanga. Fulashi ayi.

Chovuta koposa kamera ndi kudziwa pamene mwayandikira mopyola. Kadzidzi mwini adzakuuzani. Maso ake sayendayenda monga athu, amatembenuza mutu wonse, ndipo khosi lake lili ndi mafupa 14 pamene lathu lili ndi 7 okha. Choncho n'kosavuta kuona kumene maganizo ake ali. Akamaweramira pansi, akumvetsera mbewa, zonse zili bwino. Akasiya udzu n'kumayang'ana inu, kapena akadziwongola n'kukhala woonda ngati chitsa, bwererani m'mbuyo. Ndaonapo anthu akulowa dala m'udzu kuti adzidzimutse kadzidzi wogona, apeze chithunzi cha mbalame youluka. Ena amagula mbewa za m'sitolo n'kumaponyera akadzidzi, khalidwe limene labutsa mkangano waukulu ku Canada ndi ku United States. Mbalame yotere imazolowera kudikira chakudya pafupi ndi anthu ndi misewu, pamene galimoto zimapha kale akadzidzi ambirimbiri chaka ndi chaka. Enanso amaliza mawu a kadzidzi pa foni, ndiye mwini malo amasiya kusaka n'kumafunafuna mdani amene kulibe. Kwa ine chithunzi chopezeka mwa njira zimenezi n'chakuba.

Angerezi ali ndi chifukwa chokhalira osamala. Mu 1932 George Blaker anawerengera kuti ku England ndi ku Wales kunali mabanja pafupifupi 12,000 a akadzidzi oyera. Kalembera wa 1995 mpaka 1997 anapeza pafupifupi 4,000 okha m'dziko lonse la United Kingdom. Udzu wautali unali utalimidwa, makola akale anasanduka nyumba za anthu. Kuchokera nthawiyo alimi ndi okonda mbalame akhoma mabokosi ambiri oti akadzidzi aziswera, ndipo chiwerengero chakwerako.

Chisanu chikamatha, mbalame zimayamba kukonzekera zisa, ndipo ine kamera ndimaipachika. Lamulo la 1981 lotchedwa Wildlife and Countryside Act limaletsa kusokoneza kadzidzi woyera pa chisa chake popanda chilolezo, ngakhale cholinga chikhale kujambula chabe. Ndiponso kadzidzi wa ana sasekererana ndi munthu. Mu 1937 Eric Hosking, mmodzi wa akatswiri otchuka ojambula mbalame ku Britain, ankakwera kupita ku kamsasa kake kobisalamo pafupi ndi chisa cha kadzidzi wofiirira wa m'nkhalango ku Wales. Mbalameyo inamukantha kumaso ndi zikhadabo, ndipo diso lake lakumanzere linachotsedwa kuchipatala. Anali ndi zaka 27, ndipo atachira anabwereranso kukajambula akadzidzi ndi diso limodzi lotsalalo.