Khanda Lobadwa ndi Khungu la Mamba

Nthawi zina khanda limabadwa litakutidwa ndi nembanemba yolimba, yonyezimira ngati pepala la pulasitiki. Nembanembayo imakoka zikope mpaka kutembenuka, ndipo pakamwa pamakhala poyasama. Pakapita milungu 2 mpaka 4 imang'ambika ndi kufunduka, ndipo mwa ana ambiri pansi pake pamatsala khungu louma la mamba. Madokotala amatcha matendawa ichthyosis, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza nsomba.

Gwero lake

Mwana wotere akabadwa, ena amati ndi tsempho, ena ufiti, ena kuti mayi adadya chosayenera ali ndi pakati. Zonsezi nzabodza. Matendawa ndi akumtundu, ndipo sapatsirana. Kawirikawiri bambo ndi mayi onse awiri amakhala ndi kambewu kake kobisika m'thupi, ngakhale khungu lawo lili losalala. Makolo otere, pa ana 4 alionse amayembekezeka kukhala ndi mmodzi wodwala, koma mimba iliyonse imakhala ndi mpata womwewo. Choncho palibe chifukwa chonyozera mayi kapena kuthetsa banja.

Ulipo mtundu wina wopepuka umene umagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250. Umenewu suoneka pobadwa. Mamba ang'onoang'ono amayamba pakapita miyezi, makamaka m'miyendo.

Kuzindikira kwake

Si kusupuka kulikonse kumene kuli matendawa. Makhanda ambiri, makamaka amene mimba yawo idapitirira masiku, amafunduka pang'ono nkusalala okha. Chindoko chobadwa nacho chimasupulanso zikhatho ndi mapazi. Chimenechi chimadziwika poyeza magazi ndipo chimachizika ndi jekeseni. Nchifukwa chake mwana ayenera kuonedwa ndi a chipatala, amene amayang'ana khungu, maso ndi kapumidwe, nafunsanso ngati alipo achibale a khungu lotere.

Chisamaliro

Masiku oyamba ndiwo oopsa. Khungu long'ambika limataya madzi, limalephera kusunga kutentha kwa thupi, ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Khanda lotere lipite kuchipatala tsiku lomwelo, litafunditsidwa nsalu zochapa ndi zofewa. Akafika kunyumba makolo akumbukire izi:

1. Mayi ayamwitse pafupipafupi. Mwana akalephera kugwira bere, mkaka ufinyidwe ndi kumwetsedwa ndi kapu yoyera.
2. Thupi lonse lipakidwe mafuta a Vaseline opanda fungo kangapo pa tsiku, makamaka akangosamba. Wopakayo ayambe wasamba m'manja.
3. Nembanemba ndi mamba zisasendedwe, zimachoka zokha.
4. Mankhwala azitsamba, phulusa ndi mafuta osupula khungu asayesedwe, popeza khungu la khanda limalowetsa mankhwala m'magazi.
5. M'maso muikidwe mankhwala okhawo operekedwa kuchipatala.
6. Mwana asagonekedwe pafupi ndi moto, chifukwa nsalu zamafuta zimayaka msanga.

Akatentha kapena kuzizira thupi, akasiya kuyamwa, akamapuma movutika, kapena ming'alu ikatuluka mafinya, makolo abwerere naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Mankhwala othetseratu matendawa kulibe, koma mafuta, madzi ndi ukhondo zimafewetsa khungu. Mwana akamakula satuluka thukuta bwino, motero m'nyengo yotentha azikhala pamthunzi ndi kumwa madzi ambiri. Alandire katemera ndi kupita kusikelo monga anzake, ndipo nthawi ikakwana ayambe sukulu. Sayenera kubisidwa m'nyumba.