Kwa inu amene mwayamba kusoka foni ili m'manja

Ana anga a kuno kwa Kaphuka, inu amene mwaphunzira kusoka ndipo tsopano mukudzitchula kuti madizayina, ndikulankhula nanu monga munthu amene wakulira pa makina opalasa ndi mwendo. Dzinalo sindikulitsutsa. Munthu woti akaona nsalu amaganiza yekha mmene chovala chidzakhalire ndi woyenera ulemu wake. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa inu mumawerenga anthu oyamikira chithunzi pa Facebook ngati ndalama zolowa m'thumba. Woyamikira ndi wina, wogula ndi wina.

Wogula wanu woyamba ali pompano, ndipo ndalama zake zimayendera nyengo. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu amaganiza za ufa, ndipo chimene chimabwera pakhonde ndi buluku long'ambika kapena zipi yothothoka. Musanyoze ntchito imeneyo, ndi imene imagula ulusi. Anthu akakolola n'kugulitsa chimanga, soya ndi kachewere, m'pamene zinkhoswe ndi maukwati zimayamba, ndipo banja limodzi limatha kubweretsa nsalu ya anthu khumi. Mu Seputembala sukulu zimatsegulidwa, makolo amafuna yunifolomu. Pa 15 Okutobala pali Tsiku la Amayi, kenako Khirisimasi. Onjezanipo amayi a Chigwirizano ndi makwaya. Masiku amenewa muziwadziwa pamtima, ndipo nsalu, layining'i ndi mabatani muzigula nthawi isanakwane.

Za masitayilo ndinene mwachidule. Zimene mumaona pa TikTok zochokera ku Lagos kapena ku Accra muziziphunzira, koma dziwani kuti kumeneko kumatentha. Kuno ku Dedza mu Juni ndi Julayi mame amagwa mpaka zala kuuma. Diresi ya msana pamtunda idzayamikiridwa pa foni, koma jekete ya chitenje yokhala ndi layining'i wokhuthala ndi matumba akuya, mphunzitsi ndi woyendetsa njinga yamoto adzaigula ndi kuivala tsiku lililonse.

Tsono tiyeni pa chithunzi, chifukwa ambiri amagwera apa. Musaike chithunzi cha chovala cha munthu wina n'kulemba kuti "timasoka izi". Mayi adzabwera ndi nsalu imene wasungira ndalama miyezi yambiri, akuyembekeza zimene anaona, ndipo mkono ukapanda kukhala monga wa pachithunzi, mbiri yanu idzafika ku Linthipe ndi ku Chimbiya inu musanatseke chitseko. Jambulani zimene manja anu asoka. Sitani chovalacho ndi simbi kaye, dulani timaulusi tonse tolendewera, muchijambule panja m'mawa dzuwa lisanakwere, kumbuyo kuli khoma loyera lopanda ndowa kapena njinga. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mutembenuze chovalacho n'kujambula msoko wa mkati, mpendero ndi pamene zipi yathera. Munthu wodziwa zovala amayang'ana mmenemo. Amaonanso ngati maluwa a chitenje akumana bwino pamsoko wa pakati, kapena ngati mbalame ya pansaluyo yayang'ana pansi chifukwa munadula mothamanga. Ndipo ngati chovalacho chili pathupi pa kasitomala, mupempheni kaye. Si mayi aliyense amene amafuna kuti apongozi ake amuone pa sitetasi ya telala.

Pansi pa chithunzi lembani mtengo, masiku amene ntchitoyo imatenga ndi nambala ya foni. Chizolowezi choti "bwerani ku inbox" chimathamangitsa anthu amanyazi, amene nthawi zambiri ndi amene ali ndi ndalama m'manja.

Mwina munamva za Mayamiko, kampani imene zovala zake zimasokedwa ku Lilongwe. Mu Seputembala 2019 Meghan, mkazi wa Prince Harry, anavala diresi yawo ali ku Cape Town, ndipo madiresi a mtunduwo anatha mwamsanga pa intaneti. Achinyamata akamakamba nkhaniyi amangoti unali mwayi. Ine ndimaona china: tsikulo lisanafike, diresiyo inali kale ndi mtengo wodziwika, masayizi odziwika ndi njira yoitumizira kwa wogula wakutali. Mwayi woterowo utafika kwa munthu amene miyeso amalemba pachikhatho, ungangomudutsa. Lilly Alfonso, amene anapambana mpikisano wa Fashion Malawi Edition mu 2010, anaonetsanso kuti Mmalawi atha kupanga dzina ndi kusoka kwake. Mu 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kuvala zachimalawi Lachisanu. Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amene ali m'dera lathu lino ndi ogula amenewo, ndipo amalandira mwezi ndi mwezi.

Mtengo ndiye mtima wa ntchitoyi. Mpikisano wanu weniweni si telala mnzanu wapakhonde lina, koma kaunjika wa tsiku la msika. Simungamugonjetse potsitsa mtengo, ndipo musayese. Chimene kaunjika sangachite ndi kuyeza thupi la munthu, kapena kuveka banja lonse nsalu imodzi pa chinkhoswe. Gulitsani chimenecho. Powerengera, musaiwale ulusi, zipi, layining'i, makala a simbi, bandulo, ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe kukagula nsalu, ndi maola amene msana wanu wawerama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona anzanga ena akulemekeza mitengo imene anatchula miyezi yapitayo mpaka mpamba wonse unasungunuka. Mukatchula mtengo, nenaninso kuti ugwira ntchito mpaka liti.

Musadule nsalu musanalandire dipoziti, ngakhale wosoketsayo ndi msuweni wanu. Akanena kuti watumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musakhulupirire uthenga wongobwera pa foni. Lowani nokha muone ngati ndalamazo zafikadi, chifukwa akuba amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni. Zimene mwagwirizana pa WhatsApp, kaya ndi utali wa siketi, mtundu wa kolala kapena tsiku lodzatenga, zibwerezeni polemba kuti nonse muzione.

Pa tsiku lodzatengalo ndiime pang'ono. Matelala tinatchuka ndi mawu oti "mubwere mawa", ndipo mbiri imeneyi imandipweteka chifukwa yatilanda ntchito zambiri. Intaneti yakulitsa vutoli: kale wokhumudwa ankauza anzake kuchitsime, lero amajambula macheza anu n'kuwaika m'gulu la mpingo wonse. Ngati pamzere pali madiresi a ukwati wa Loweruka, kanani ntchito ina mwaulemu kapena tchulani sabata yotsatira. Kukana kumawawa tsiku lomwelo basi. Mkwatibwi wolira m'bandakucha chifukwa diresi ilibe mpendero sadzakukhululukirani, ngakhale abale ake.

Pali wogula wina amene foni yatibweretsera, ndipo muyenera kumusamala: mwana wa kuno amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Sangakuoneni maso ndi maso, koma amafuna mayi ake avale chilundu chatsopano pa 15 Okutobala. Amasankha nsalu pa chithunzi n'kutumiza ndalama pa Mukuru. Pitani nokha mukawayeze mayiwo kunyumba, mugwade monga mwa mwambo, muwafunse utali umene iwo amakonda, osati umene mwana wawo waona pa foni. Chovala chikatha, muwaveke, muwajambule ataima pakhomo pawo, mumutumizire chithunzicho tsiku lomwelo. Nambala yake ilembeni m'kope momwe muli miyeso ya mayiwo, ndipo kumayambiriro kwa Disembala mumutumizire zithunzi za nsalu zatsopano asanafunse.