Ana ali ku Ntcheu, bambo ali ku Joni: njira yokawaonera banja likatha

Banja likatha bambo ali kunja, choyamba kuduka ndi foni. Nambala ya mayi a ana siyipezekanso, ndipo mukaimba kwa apongozi mumangouzidwa kuti ana apita kudimba. Amuna ambiri a kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Kwataine ndi kwa Makwangwala amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban akuudziwa ululu umenewu. Abambo anzanga, njira yoonera ana anu ilipo, koma siyidzera m'ukali, ndipo ambiri amaluza mlandu asanafike n'kukhothi komwe.

Tiyambire kumudzi. Ngakhale ku Ntcheu ndi kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, m'midzi yambiri ukwati ndi wachikamwini. Ana amawerengedwa kumbumba ya mayi awo, ndipo mwinimbumba ndi malume awo. Banja likatha, mkamwini amachoka yekha, ana n'kutsala. Kumene mkazi anapita kuchitengwa zimasiyanako, komabe mawu a malume amalemera. N'chifukwa chake kulalatira alamu anu pa WhatsApp n'kudzitsekera nokha khomo. Tumani ankhoswe a mbali yanu akakhale pansi ndi ankhoswe a kuchikazi. Zikakanika, nkhani ipite kwa anyakwawa kapena kwa agulupu. Chimene agwirizana chilembedwe papepala, mbali zonse zisayine, inu akutumizireni chithunzi chake. Pepalalo lidzayankhula m'malo mwanu tsiku lina.

Mwambo si mapeto a nkhani. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lathu imati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wolandira chisamaliro kuchokera kwa iwo, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya analekana. Kuyambira mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo loteteza ana la 2010, la Child Care, Protection and Justice Act, limalola kholo kupempha bwalo la ana zinthu ziwiri zosiyana: kuti mwana azikhala naye, kapena kuti azimuona nthawi ndi nthawi. Bwalo la majisitireti paboma pa Ntcheu ndi pamene mungayambire.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene abambo ambiri amaphonya. Bwalo silikhala pansi kuti lione amene analakwa m'banjamo, kapenanso kuti mwana ndi wa mtundu wa yani. Limayang'ana chimene chingamukomere mwanayo. Lamulo lomwelo limauza woweruza kuti aganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, amve maganizo a mwana, asalekanitse ana a mimba imodzi, ndiponso asasokoneze kumene mwana wazolowera. Tsono inu amene mukugona chipinda chimodzi ndi anzanu, ntchito yake yochoka m'bandakucha, mukapempha kuti akupatseni mwana wa zaka zinayi, mwadzivuta chabe. Pokhapokha mwana akuzunzidwa kapena kusiyidwa ndi njala, ndipo umboni muli nawo, pemphani mwayi womuona. Ndipo musangoti "ndikufuna kumaona ana anga". Tchulani: kuyankhula nawo pavidiyo Lamlungu lililonse madzulo, kukhala nawo masabata awiri patchuthi cha Disembala mukabwera, kukacheza kwa agogo awo a kuchimuna ngakhale inu muli kutali, kulandira zotsatira za mayeso teremu ikatha. Pempho lotere woweruza amaona kuti laganizira mwana, ndipo likaphwanyidwa zimaoneka msanga.

Kenako ndalama. Funso loti mwakhala mukuthandiza bwanji ana lidzabwera ndithu. Bambo amene wakhala akupatsira ndalama mnzake wopita kumudzi, kapena kutumiza katundu pabasi popanda kalikonse kolembedwa, amasowa choyankha mayi akanena kuti sanalandirepo kanthu. Tumizani kudzera ku Mukuru, kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, m'dzina la amene akusunga anawo, osati la mlongo wanu. Sungani uthenga uliwonse. Fizi lipirani kusukulu komweko, lisiti likhale m'dzina la mwana. Ndipo chonde, musadule chithandizo pofuna kukhaulitsa mayi amene akukubisirani ana. Ndikudziwa kuti mtima umawawa kutumiza ndalama kunyumba kumene mwina kwalowa mwamuna wina. Koma wogona ndi njala ndi mwana wanu, ndipo kukhothi miyezi imene munasiyayo idzawerengedwa pamaso panu.

Ngati simunakwatirane ndi mayiyo, fufuzani ngati dzina lanu lili pachiphaso chobadwira cha mwana chochokera ku National Registration Bureau. Ngati palibe, kapena akukana kuti mwana si wanu, bwalo lomwelo mungalipemphe kuti ligamule za ubambo wanu musanapemphe zina.

Pali ofesi imene abambo amaithawa poganiza kuti ndi ya amayi okha: ya zachisamaliro cha anthu, imene tonse timangoti kwa a Social Welfare, paboma. Iwowa amayanjanitsa makolo, amayendera kumene mwana akukhala, ndipo bwalo limatha kuwafunsa lipoti. Aimbireni nokha, adziwe kuti bambo alipo ndipo akufuna kulera. Ngati ndalama za loya palibe, bungwe la boma la Legal Aid Bureau limathandiza anthu osowa, ndipo ku Lilongwe lili ndi ofesi.

Tsiku la mlandu likaperekedwa, yesetsani kubwera. Mpando wanu ukakhala wopanda munthu, woweruza amamva mbali imodzi. Ndikudziwa chimene chimamanga ambiri: amene mapepala ake anatha ku South Africa, akatuluka amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Ngati ndi mmene zilili, muuzeni loya wanu zoona zake, osamubisira. Angathe kupempha tsiku lina, kapena kukuuzani kuti mulembe umboni wanu ndi kulumbirira ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Kungokhala chete masamoni atafika kwa makolo anu ndiko koipitsitsa.

Pali china chimene ndikuchiopa kwambiri. Kwathu kuno malire ali pakhomo. Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique. Ena amaganiza zomutenga mwana pochokera kusukulu n'kudutsa naye mozemba. Musayerekeze. Mungathe kumangidwa panjira, mwana angathe kutsekeredwa m'dziko lachilendo wopanda pasipoti, ndipo palibe bwalo limene lidzakukhulupirireninso. Dziwaninso kuti Malawi sali m'pangano la ku Hague la 1980 lobweza ana otengedwa mozemba kupita dziko lina, ndipo chigamulo chimene mungapeze kukhothi la ku Johannesburg sichingoyamba chokha kugwira ntchito ku Ntcheu. Ana akakhala ku Malawi, mlandu wake ukambidwe ku Malawi.

Chigamulo chikatuluka, tengani kope lodindidwa, lina likhale ndi ankhoswe. Mayi akachiphwanya, lembani masiku amene anakukanizani ndipo bwererani kubwalo lomwelo; ngati simunakhutire ndi chigamulocho, apilo imapita ku High Court, ndipo ili ndi nthawi yake, choncho musazengereze. Inunso sungani mbali yanu. Mwalonjeza kuimba Lamlungu, imbani, ngakhale mwatopa. Mwana akagwira foni, mufunseni za sukulu, za anzake, za mbuzi za agogo. Musamufunse amene wagona m'nyumba mwa amayi ake.