Ndazolowera choko, tsopano akuti laputopu: ndiyambire pati?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa zaka 47. Uphunzitsi ndinaphunzira kumudzi ku Malawi ndipo ndaphunzitsa zaka zambiri ndi choko basi. Pano ndikuphunzitsa masamu m'Giredi 8 ndi 9 pasukulu ina yoyima payokha kuno ku Durban. Ahedi atigawira malaputopu, ati homuweki tiziika pa Google Classroom ndipo m'kalasi tizigwiritsa ntchito pulojekitala. Ana amadziwa zinthuzi kundiposa, ndikamalimbana ndi zingwe iwo amangonong'onezana. Ndikuopa kuti ntchito yanga itha. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wankhawa, Durban

YANKHO

Aphunzitsi, mtima m'malo. Ana aja amathadi kuseweretsa foni, koma sadziwa chifukwa chake mwana amalemba kuti theka kuphatikiza gawo limodzi la magawo atatu ndi ziwiri mwa zisanu. Inu mumadziwa, mumadziwanso pomugwirira. Luso limenelo n'limene sukulu inakulemberani ntchito, ndipo n'lovuta kulipeza kuposa luso lolumikiza pulojekitala.

Ndiye musayambire pa makinawo. Yambirani pa phunziro limene chaka chilichonse limakutulutsani thukuta. Tinene kuti ndi magirafu a mizere yowongoka a m'Giredi 9. Pa bolodi mumajambula mzere umodzi, kufufuta, kujambulanso wina, belu n'kulira ana asanaone kusiyana kwake. Ikani GeoGebra pa laputopu yanu. Ndi yaulere ndipo mukaitsitsa imagwira ntchito popanda intaneti. Lembani y = mx + c, kenako muzisuntha nambala ya m pang'onopang'ono. Mzere uja uyamba kupendekeka ana akuona, kuimirira, kugona, mpaka kutembenukira mbali ina nambalayo ikatsika kupyola ziro. Itanani mwana wamanyazi uja abwere adzasunthe yekha c, anzake anene kumene mzere upite asanaugwire. Yambani mwayeserera zimenezi kunyumba madzulo mpaka dzanja lizolowere, ndipo musaonjezere pulogalamu ina mpaka iyi mutaidziwa bwino.

Pa homuweki, onani Siyavula, bungwe la ku Cape Town lomwe limapereka mabuku aulere a masamu ndi sayansi ogwirizana ndi silabasi ya CAPS imene mukuphunzitsayo. Lilinso ndi mafunso oyeserera pafoni omwe amachonga okha mwana akangoyankha.

Za kunong'onezana kwa ana, ine ndikuti apatseni udindo. Sankhani awiri akhale oyang'anira zingwe ndi pulojekitala sabata iliyonse, ndipo pamene mwasokonezeka afunseni poyera. Safunsa anadya phula. Mwana amene waona mphunzitsi wake akufunsa mopanda manyazi naye amayamba kukweza dzanja.

Pali zina zimene ahedi sangakumbukire kukuuzani, koma inu mukuzidziwa chifukwa mumakhala pakati pa anthu athu. M'nyumba zambiri za ku Overport, Sydenham kapena Isipingo foni ndi imodzi, ndipo imachoka m'mawa ndi bambo kupita kuntchito. Data ndi ndalama ya ndiwo. Musatumize vidiyo yaitali pamene chithunzi chimodzi cha tsamba chikukwanira, ndipo mwana wopanda foni azilandira ntchito yomweyo papepala, asalangidwe chifukwa cha umphawi wa kwawo. Malaibulale a khonsolo ya eThekwini ali ndi makompyuta ndi intaneti. Auzeni makolo akalembetse ana. Kumbukiraninso mmene magetsi a Eskom anavutira mu 2023: tsitsiranitu zonse, choko chikhale m'thumba. Ndipo zithunzi za ana musaziike pagulu la WhatsApp popanda chilolezo cha makolo, pakuti lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limateteza kwambiri zokhudza ana.

Za ntchito yanu: mphunzitsi aliyense m'dziko muno amayenera kulembetsa ku SACE, ndipo bungweli limafuna mapointi 150 a maphunziro owonjezera pa zaka zitatu zilizonse. Sankhani maphunziro a zamakompyuta omwe SACE inawavomereza, kuti kuphunzira kwanu kuzilembedwa. Mukafuna satifiketi yokulirapo, sukulu ya zauphunzitsi ya University of KwaZulu-Natal ili ku Edgewood, ku Pinetown, pafupi nanu.

Musaganizenso kuti mukabwerera kumudzi zimenezi mudzazisiya pa Mwanza. Kuchokera mu 2023, pansi pa ndondomeko ya BEFIT, ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zina za boma ku Malawi akuphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa matabuleti, ndipo aphunzitsi odziwa kugwirizanitsa makinawo ndi phunziro akufunika kwambiri.

Lolemba likudzali pitani kwa ahedi, muwauze phunziro limene mwasankha, ndipo muwapemphe adzakhale kumbuyo kwa kalasi tsiku limene mudzaliphunzitse. Mutilemberenso mmene zidzayendere.