MITENGO NDI UMOYO: PHUNZIRO LOCHOKERA KU RUMPHI

Mayi akafika kusikelo ndi mwana wotsegula m'mimba, a zaumoyo amafunsa za madzi amene banja limamwa, za chimbudzi ndiponso za chakudya. Koma chiyambi cha matendawa nthawi zina chimakhala kuphiri kumene mitengo inatha.

Kodi madzi a ku Rumphi amachokera kuti?

Boma la Rumphi lili ndi mapiri a Nyika ndi a Phoka, chigwa cha Henga ndiponso chidikha cha Nkhamanga. Mitsinje monga Rumphi ndi Runyina imayambira ku Nyika ndipo imakathira mu South Rukuru. Mvula ikagwa pamalo a udzu ndi mitengo, madzi amalowa m'nthaka pang'onopang'ono ndi kumatuluka m'akasupe mpaka m'chilimwe. Ikagwa paphiri lambee, madzi amathamanga, kukokolola nthaka pamodzi ndi zonyansa za m'tchire ndi kuzitsira mumtsinje. Zitsime zimauma msanga, ndipo anthu amayamba kutunga madzi akuda a m'zithaphwi.

Mitengo imatha chifukwa cha nkhuni, makala, kuotcha njerwa, kutsegula minda yatsopano ndi moto wa m'tchire. Ku Rumphi, kumene alimi ambiri amalima fodya, mitengo ina imapita ku zigafa.

Zimene ofufuza anapeza

M'chaka cha 2013 akatswiri anafalitsa kafukufuku amene anayerekeza zithunzi za nkhalango za m'Malawi, zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, ndi kaundula wa zaumoyo wa chaka cha 2010. Iwo anapeza kuti m'madera amene nkhalango zinachepa, mpata woti mwana adye zakudya zakasinthasintha unali wochepa ndi magawo 19 pa 100, ndipo mpata wodya zakudya za vitamini A unali wochepa ndi magawo 29 pa 100. Ana a m'madera a mitengo yambiri sankatsegula m'mimba kawirikawiri ngati anzawo.

M'chaka cha 2019 a Annie Mwayi Mapulanga ndi a Hisahiro Naito anaonetsanso kuti nkhalango za m'Malawi zikachepa ndi gawo limodzi pa 100, mwayi wa mabanja wopeza madzi abwino akumwa umachepanso ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Nkhalango imapatsa banja masuku, bowa, uchi ndi ndiwo zamasamba. Nkhuni zikasowa, mayi amataya tsiku lonse kuthengo, amaphika kamodzi patsiku, amaleka kuphika nyemba chifukwa zimadya nkhuni zambiri, ndipo madzi akumwa sawiritsidwa. Wovutika woyamba ndi mwana wamng'ono.

Mtengo uliwonse pamalo pake

Kubzala mitengo kumafuna nzeru. M'zaka za m'ma 1950 ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kunabzalidwa mitengo ya paini yochokera kunja. Mitengoyo inayamba kudzimerera yokha m'malo a udzu wachilengedwe, umene umasunga madzi a mitsinje, kotero oyang'anira malowa amachita kuizula. Phunziro lake ndi lakuti mtengo wabwino ukabzalidwa pamalo olakwika umasanduka vuto. Alangizi amaphunzitsa motere:

1. Pakhomo: mango, mapapaya, magwafa, mapeyala ndi cham'mwamba. Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi vitamini A amene amateteza maso a mwana ndi kulimbitsa thupi lake.

2. M'munda: msangu. Mtengo uwu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masamba akewo amasanduka manyowa.

3. M'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe: katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Bulugamu asabzalidwe pafupi ndi chitsime kapena dambo chifukwa amamwa madzi ambiri.

4. Pachipatala, pasukulu, pamsika ndi m'misewu ya paboma kapena pa Bolero: mitengo ya mthunzi. Imachepetsa kutentha ndi fumbi, imatchinga mphepo yosasula madenga, ndipo amayi odikira sikelo amapeza pousa.

Kubzala kokha sikukwanira

Dziko la Malawi linayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo m'chaka cha 1976, pa 21 Januwale. Pambuyo pake tsikulo linasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. M'chaka cha 2016 dziko lino linalonjeza kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Komabe mbande zambiri zimafa chaka choyamba chisanathe chifukwa cha mbuzi, chiswe, udzu ndi moto.

Mbande ibzalidwe mvula itakhazikika, m'dzenje lothira manyowa. Itchingidwe ndi minga, ilimiridwe, ndipo m'chilimwe ithiriridwe. Kuzungulira nkhalango ya mudzi kulambulidwe udzu usanaume. Njira ina yosalira ndalama ndiyo kusamala mphukira za pazitsa: mlimi amasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu ndi kudula zotsalazo. Popeza chitsa chili kale ndi mizu yakuya, mtengo wotere umakula msanga kuposa mbande.

Banja lililonse lili ndi mbali yake. Mwana wobadwa chaka chino akabzaliridwa papaya kuseri kwa nyumba, adzayamba kudya zipatso zake asanasiye kupita kusikelo.